Anyezi a Lameki

Kwathu ku Nyampande, munthu wokhala ndi dimba losauma madzi sanali kuganizako za ku Joni. Ife tinali nalo dimba lotelo. Linali la amayi, ndipo miyendo itayamba kuwavuta anatisiyila ine ndi mng'ono wanga Lameki kuti tizilima pamodzi. Tinali kubzala lepu, matimati ndi chimanga chachiwisi, kuthilila ndi zitini, kugulitsa pang'ono, kudya pang'ono. Sitinali olemela, koma mkazi wanga, amake Tisa, sanapitepo kwa anthu kukapempha ndiwo.

Amene anabwela ndi nkhani ya anyezi anali a Chanda, mlangizi wa zaulimi amene boma linatumiza kwathu kuchokela ku Kasama. Anali munthu wabwino, ndipo mpaka lelo sindiwanenela zoipa. Anali kuyenda pa njinga yamoto yopanda galasi limodzi, Chinyanja chawo chosakaniza ndi Chibemba.

"Mukwai, dziko lino likugula anyezi kunja pomwe inu muli ndi madzi kuseli kwa nyumba," anatelo pamsonkhano woyamba. "Pangani gulu. Chaka chino mulandila mbeu ndi mapampu opondaponda. Chaka chamawa akumangilani shedi younikilamo ndi kusungilamo anyezi. Mudzagulitsa nthawi imene mufuna inu."

Tinapanga gulu. Mapampu anabweladi. Lameki anali kuponda pampu kuyambila m'mawa mpaka dzuwa litafika pamutu, akuimba nyimbo za ku tchalitchi. Anyezi anabeleka moti ngakhale a Chanda anavula chipewa atalowa m'dimba mwathu. Tinazula, n'kuwayala pansi pa mitengo ya mango, ena padenga la nyumba.

Tsiku limene tinapita nawo ku msika wa ku Petauke ndi limene ndinaona koyamba anyezi a ku Joni ali mulu. Anali m'timasaka tofiila ta neti timene amati mapoketi, onse ofanana kukula, ouma bwino, khungu lake likuwala. Mtengo wake unali wotsika kuposa umene ife tikanagulitsila popanda kutaya thukuta lathu. Mayi wina wogulitsa pamsika anatenga anyezi wathu mmodzi, anafinya pakhosi pake, madzi n'kutuluka.

"Bambo, awa m'masabata awili aola," anatelo. "Ine ndigula a mupoketi."

Shedi sinamangidwe. Tinamva kuti opeleka thandizo amene analonjeza shediyo asintha maganizo, tsopano akufuna anthu aziweta mbuzi. A Chanda anawasamutsila ku boma lina. Anabwela kudzatilaila, maso pansi, akuti, "Ine ndinalemba makalata, mukwai, koma amene amasankha zinthu izi sakhala kuno." Mvula itayamba, anyezi athu anamela m'nyumba, ena anasungunuka. Tinali kuwataya ndi wilibala kuseli kwa khola.

Chaka chimenecho ndinaganiza zochoka. Lameki anandipelekeza panjinga mpaka pamseu waukulu wa ku Lusaka, chikwama changa chili pakeliyala. Tikudikila basi, panadutsa thilaki yaitali yolowela ku Chipata, mapoketi ofiila akuonekela pansi pa tenti. Lameki analavula malovu.

"Akulu, amene atipha ndi awa," anatelo. "Amene amalima, amene amapakila, amene amayendetsa, onse. Ndikanakhala ndi mphamvu, thilaki iyi sikanafika kumene ikupita."

Ine ndinavomela. Panthawiyo mtima wanga unali womwewo.

Za ulendo sindikumbuka zambili. Lusaka, Chirundu, kudutsa Zimbabwe yense ndili wokhala pachigubu cha mafuta kumbuyo kwa dalaivala, kenako mtsinje wa Limpopo. Ndinakhala masabata angapo m'tauni ya pamalile, kuima pakona pamodzi ndi amuna ena ofuna nchito. Tsiku lina inaima galimoto yapafamu, munthu n'kuloza ndi chala: iwe, iwe, iwe. Sitinafunse kuti nchito yanji. Tinayenda nthawi yaitali pamseu wafumbi, ndipo tisanafike n'komwe pageti, mphuno zanga zinali zitandiuza kale kumene ndabwela.

Sindinaonepo anyezi ochuluka chotelo. Munda umodzi unali kufika kumene maso alekela. Madzi anali kuthilidwa ndi chipaipi chachitali choyenda chokha pamagudumu, chikuzungulila munda usana wonse popanda munthu wopondapo. Shedi yawo inali yaikulu kuposa tchalitchi cha ku Petauke, mkati muli mafani ouzila mphepo. Mtsinje umene anali kupopako madzi unali mchenga wokhawokha miyezi yambili, wosafika ngakhale pa madzi a kudimba kwathu. Ndinaima pakhomo pa shedi ija n'kukumbuka mawu a a Chanda, mpaka kapitawo anandikalipila kuti sindinabwele kudzaona malo.

Tinali kugona kukomboni, amuna asanu ndi mmodzi m'chipinda cha malata. Nyengo yotentha malata anali kutiwotcha, nyengo yozizila madzi a m'chitini anali kugwila pamwamba. Nchito yoyamba inali yozula ndi kudula masamba. Wogwada kuyambila kum'mawa, fumbi la makoko likulowa m'maso ndi m'chifuwa, zala zikung'ambika m'mphepete mwa zikhadabo. Fungo silinali kuchoka ngakhale usambe ndi sopo wochapila. Mapepala ndinalibe, choncho galimoto ya apolisi ikaonekela kutali, tonse opanda mapepala tinali kugona chafufumimba m'mizele mpaka itapita.

M'chipinda chathu munali Zuze, wa ku Tete ku Mozambiki, wamkulu pang'ono kwa ine. Chilankhulo chake ndi chathu zinali kumvana, ndiye tsiku loyamba lomwe anandisunthila malo pafupi ndi khomo pomwe panali kupita kamphepo. Iye ndiye anandiphunzitsa kumanga nsalu yonyowa pamphuno, ndiponso kuti kapitawo akakukalipila usamuyang'ane m'maso koma usayang'anenso pansi. Nthawi ina chifuwa chinandigwila kwa sabata yathunthu. Pafamu paja wosagwila nchito masiku atatu malo ake anali kupatsidwa wina. Zuze anali kumaliza mzele wake, n'kubwelela kudzadula wanga, ine nditangogwada kumbuyo kwake kuti kapitawo aone ngati ndikugwila. Sanatchulepo za zimenezo pambuyo pake.

Chaka chachiwili anandichotsa kumunda n'kundiika kushedi. Kumeneko ndinaphunzila zimene kwathu palibe anatiuza: kuleka kuthilila masabata awili musanazule, kusadula masamba pafupi kwambili ndi mutu, kuumika anyezi pamthunzi podutsa mphepo mpaka khosi litatsekeka. Zinthu zazing'ono, zoti munthu angachite ndi nsungwi ndi udzu. Kenako anandiika popakila mathilaki. Ena anali kupita ku Johannesburg, ena ku Zimbabwe, ndipo sabata iliyonse panali ena opita ku Lusaka. Madalaivala ake anali kukamba Chinyanja chathu chomwechi, akuseka, akufunsa madzi akumwa. Ine ndinali kukokela chipewa kumaso n'kuyankha ndi Chishona chochepa chimene ndinatola kukomboni.

Kunyumba ndinawauza kuti ndikugwila nchito pafamu ya malalanje. Bodza limeneli ndinalinena mwezi woyamba, pafoni, Lameki atandifunsa, ndipo linatuluka lokha. Ndikanamuuza bwanji kuti manja omwe tinatayila nawo anyezi athu kuseli kwa khola ndi amene akuponya mapoketi m'thilaki ya ku Lusaka? Ndalama zimene ndinali kutumiza zinafolela nyumba ndi malata, zinamuika Tisa kusukulu, zinagulila amayi mankhwala a miyendo. Amake Tisa akandifunsa kuti, "Atate ake Tisa, malalanje amenewo simungatitumizileko?" ndinali kuseka n'kunena kuti angaole panjila.

Patapita zaka zingapo, mathilaki a ku Zambia anasiya kubwela. Kapitawo anatiuza mokwiya kuti boma la kumeneko laletsa anyezi akunja pofuna kuteteza alimi ake. Amuna ena anawachotsa nchito sabata yomweyo. Ine ndinasowa pogwila. Mumtima ndinakondwa, komanso ndinaopa kuti mailo lake adzaloza ine.

Lameki ananditumila foni, mawu ake ngati a mnyamata.

"Akulu, mwamva? Atseka! Pawailesi anena kuti tilime, msika ndi wathu. Dimba lonse ndiika anyezi. Pampu ija ndaikonza."

Ndinamuuza zonse zimene ndinaphunzila kushedi, n'kunena kuti ndamva kwa mnzanga wina. Anamanga thandala la nsungwi, anafolela ndi udzu, anaumika bwino. Amake Tisa anandiuza kuti anthu anali kubwela kuchokela midzi ina kudzaona. Miyezi imeneyo ndi imene ndinagona bwino kuposa ina yonse ku Joni.

Kenako Lolemba lina m'mawa, ndikufika popakila, ndinapeza mathilaki atatu a manambala a kwathu ataima pamzele. Ndinamva dalaivala wina akuuza mnzake kuti zilolezo zayambanso kutuluka, chifukwa mashopu akuluakulu a ku Lusaka adandaula kuti anyezi achepa ndipo adula, komanso maiko ali ndi mapangano awo a zamalonda amene sangawaphwanye nthawi yaitali. Pawailesi anali asananene. Sabata imeneyo tinapakila mathilaki a ku Lusaka tsiku lililonse, ngati akubweza masiku onse amene anatseka.

Lamlungu masana, tili pansi pa mtengo kukomboni tikuchapa zovala, foni yanga inalila. Anali Lameki.

"Akulu, ndifuna nzelu," anatelo. "Kwabwela munthu wa ku Lusaka ndi kathilaki kake ka kanta. Afuna kutenga anyezi onse mailo. Mtengo wake si woipa. Koma kumsika ukukwela sabata iliyonse, ndipo anga ndi ouma, angadikile. Ndikasunga masabata atatu, ndigula pampu ya injini. Ndigulitse kapena ndisunge?"

Ndinayang'ana kushedi. Ngakhale Lamlungu limenelo panali thilaki ikudikila kuti tiipakile m'mawa mwake.

"Iwe ndiwe uli pafupi ndi msika," ndinatelo. "Ine kuno n'kumalalanje, za anyezi ndizidziwila kuti?"

"Palibe chimene mwamvako kumeneko? Za boda, za mathilaki?"

"Palibe."

"Zoona, akulu?"

"Palibe chimene ndamva."

"Basi ndisunga," anatelo. "Zikomo."

Zuze anali atasiya kuchapa. Anamva zonse, chifukwa foni yanga inali yokweza mawu.

"Mtumile," anatelo. "Manje manje. Muuze agulitse."

"Adzandifunsa kuti ndadziwa bwanji."

"Ndiye umuuze. Kupakila anyezi n'kuba? Tonse pano tikudyetsa ana."

"Sumudziwa Lameki. Ndimutumila mailo."

Zuze anafinya malaya ake, anayanika, n'kuchokapo. Mailo lake ndinadziuza kuti mwina pa Chirundu awabweza. Tsiku linalo ndinati mwina anyeziwa athela ku Lusaka konko, sadzafika kwathu kum'mawa. Lachitatu wogula uja anali atapita kale ndi anyezi a anthu ena, ndiye ndinati kutuma foni kulibenso nchito. Zuze sanandikalipile. Anangosiya kundidikila popita kukadya, ndipo panapita mwezi asanayambenso kukamba nane bwinobwino.

Zotsatila zake anandiuza amake Tisa. Pasanathe masabata awili mapoketi ofiila anadzaza msika wa ku Petauke, mtengo n'kugwa pansi. Lameki anadikila kuti mwina ukwelanso. Mvula inabwela msanga chaka chimenecho, chinyezi chinalowa pathandala, ndipo zimene anapulumutsa anagulitsa motaya.

"Sakukamba ndi munthu," anatelo amake Tisa. "Pampu aichotsa kudimba, aiponya kuseli kwa nkhokwe."

Kuchokela pamenepo Lameki sananditumilenso foni. Ine ndikatuma, anali kuyankha moni, kundiuza za amayi, basi. Ndinakhalanso zaka zina ku Joni, ndipo ndikanena zoona, si ndalama zokha zimene zinandisunga. Amayi atamwalila sindinapite. Ndinati ndilibe mapepala, ndikatuluka sindidzalowanso, ndipo zinali zoona, koma panalinso nkhope ya Lameki imene sindinafune kukumana nayo pamanda.

Chimene chinatichotsa pafamu ndi makina. Anabweletsa chimakina chosankha anyezi, kuyeza ndi kusoka mapoketi chokha, ndi kagalimoto konyamulila m'thilaki. Popakila panatsala anthu atatu odziwa kuwelenga Chingelezi. Ine ndi Zuze tinakwela galimoto imodzi mpaka pamalile. Posiyana anandipatsa jekete yake yokhuthala, akuti ku Tete kulibe mphepo yoti n'kuivalila. Anandigwila dzanja nthawi yaitali.

"Ukafika, pita kwa mng'ono wako usanamasule chikwama," anatelo.

Sindinamuonenso. Nambala imene anandipatsa sinalowepo.

Kunyumba ndinapeza zonse zili m'malo ake popanda ine. Amake Tisa anali ndi kantemba kogulitsa sopo, mchele ndi mafuta, ndipo anthu anali kubwela kudzafunsa iwo zochita, osati ine. Tisa anali mtsikana wamkulu. Anandigwadila, anandilandila chikwama, n'kundifunsa mwaulemu ngati ndimamwa tiyi wa shuga. Dimba linali litamela bango mbali imodzi, mbali ina akulimamo mphunzitsi wina wochokela ku Mongu. Kunalinso mlangizi watsopano, mtsikana wa ku Choma, amene anali kulemba maina a ofuna kukumba maiwe a nsomba. Anandifunsa ngati ndilembetsa. Ndinamufunsa kuti chakudya cha nsombazo chidzachokela kuti chaka chachiwili, iye n'kunena kuti zimenezo zili m'gawo lotsatila.

Lameki anali atasamukila kwa akazi ake ku Kacholola, m'boma la Nyimba. Ndinakhala masabata atatu ndisanapite, chikwama nditamasula kalekale.

Ndinamupeza m'mbali mwa mseu waukulu, pakati pa masaka a malasha amene anali kuotcha yekha kumapili. Anali ataonda, manja akuda mpaka m'zigongono, tsitsi layamba imvi pomwe ine mkulu wake ndinalibe. Anandipatsa moni, anapukuta chitsa ndi chipewa chake kuti ndikhalepo, n'kutuma mwana kukagula nthochi. Tinakamba za maliro a amayi, za ana, za mitengo imene ikutha kumapili moti tsopano amayenda theka la tsiku kuti apeze yodula. Mathilaki anali kudutsa, fumbi n'kutigwela. Ndinaona kuti ndikadikila nthochi zija sindidzanenanso.

"Lameki, ine ku Joni sindinali kumalalanje."

Anapitiliza kumanga chingwe pakamwa pa saka.

"Ndinali pafamu ya anyezi. Ndinali wopakila mathilaki a ku Lusaka. Tsiku lija unandifunsa, ndinali nditapakila sabata yathunthu. Ndinadziwa kuti atsegula. Ndinachita manyazi kukuuza."

Anamaliza mfundo yake, anaimika saka, kenako anakhala pansi moyang'anana nane.

"Akulu, zoti muli ku anyezi tinadziwa kalekale," anatelo. "Kuli dalaivala wina wa ku Nyimba kuno amene anakwatila kwathu. Anakuonani mutavala chipewa chobiliwila, mukukamba Chishona. Anabwela kudzauza amayi."

Mwana uja anafika ndi nthochi, n'kuziika pambali panga.

"Ine ndinakwiya masiku awili," anapitiliza. "Amayi anati, 'Mkulu wako akudyetsa banja, ndipo ngati wasankha kubisa, musamuchititse manyazi.' Alamu anadziwa, ine ndinadziwa. Za kaumikidwe zija munati mwamva kwa mnzanu, tinaseka ndi alamu tsiku limenelo."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Ndinali kusunga ulemu wanu." Anapukuta manja pathalauza. "Muganiza ndinakutumilani foni chifukwa chiyani tsiku lija? Nzelu za msika ndinali nazo ndekha. Ndinatuma chifukwa ndinadziwa kuti mwaima pakhomo pomwe mathilaki atulukila. Ndinati, za nchito yawo angabise, koma akaona kuti nditaya dimba lonse, anena. Mukanangoti 'gulitsa', sindikanafunsa kuti mwadziwa bwanji. Munati palibe. Ndinafunsanso kachiwili. Ndiye ndinamubweza munthu wa kanta uja ndili ndi mtima wokhazikika, chifukwa akulu anga amene ali komweko anena kuti palibe."

Sanakweze mawu. Ndinayesa kupepesa, mawu n'kumatuluka odukaduka. Iye anagwedeza mutu.

"Boma linatsegula, linatseka, linatsegulanso. Ilo silindidziwa dzina, sindingalikwiyile mpaka kufa. Zinapita, akulu. Idyani nthochi."

Basi ya ku Lusaka inaima, kondakitala akufuna masaka awili, ndipo Lameki ananyamuka kukakambilana naye mtengo. Ndinakhala pachitsa paja mpaka dzuwa litapendeka, kenako anandiimikila minibasi yobwelela ku Petauke, n'kulongeza theka la saka la malasha kuti ndikawapatse alamu ake.

Tsopano ndimalima mbali ya dimba imene ndinachotsa bango. Lameki amabwela pamaliro ndi paukwati, amagona kwathu, timadyela pamodzi, ana ake amanditchula atate aakulu. Munthu wotiona sangadziwe kanthu. Koma iye anali mwana wofunsa. Kuyambila ali wamng'ono anali kunditsata paliponse: akulu ichi n'chiyani, akulu tichite bwanji, akulu muona bwanji. Chibwelele changa sanandifunsepo kanthu kalikonse, ngakhale zoti mvula ya chaka chino ndikuiona bwanji.